Disembala wafika, angongole a banki mkhonde tulo tasowa

Mwezi uno mabanki mkhonde ambiri akutseka mabuku kuti agawane ndalama, ndipo amene sanabweze ngongole ali m'madzi. Ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe si zachilendonso kukumana ndi gulu la amayi litasenza katundu wa mnzawo, mwiniwake akutsatira pambuyo manja ali kunkhongo.

Mayi wina wa ku Mbayani, wogulitsa kaunjika, zinamuonekera Loweruka lapitali. Mu Seputembala anakongola K100,000 kuti awonjezere pogula belo la zovala za ana, koma belolo linatuluka nsanza zokhazokha. Pagulu lawo chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi, ndipo ukalephera kupereka nachonso chimabereka: K120,000 mu Okutobala, K144,000 mu Novembala, lero K172,800. Mayiyu anasiya kupita kumsonkhano, anachotsa simu khadi m'foni, n'kulangiza ana kuti wina akagogoda azinena kuti amayi ali kumaliro ku Thyolo.

Anzake anafika kusanache, iye asanazembe. Sanasokose. Anayala zitenje pakhonde n'kukhala pansi, msungichuma kabuku kali pamiyendo. Wapampando anapereka moni ngati wabwera kudzazonda matenda, anafunsa za ana, kenako anawerenga ngongole yonse. Matiresi anatuluka, wailesi inatuluka, mipando inayi ya pulasitiki nayonso. Pofika pa mapoto amayiwo anayamba kukangana okhaokha, wina akufunsa kuti nanga anawo aphikira pati, mpaka anasiyapo awiri. Bambo wa panyumbapo anangoti kakasi pakhomo, mswachi uli m'kamwa. Za ngongoleyo anali kuzimva koyamba.

Kodi gulu lili ndi mphamvu zolanda katundu chotere? Apa ndi pamene anthu akutsutsana. Amayi a m'magulu akuti aliyense anasainira malamulo polowa, ndipo ndalamazo si za kampani koma za anzake omwe akudikira kugula feteleza ndi kulipira fizi mu Januwale. Odziwa malamulo akuti kulephera kubweza ngongole si mlandu wotsekera munthu m'chitokosi, ndipo kulanda katundu ndi ntchito ya masherifu, iwonso atanyamula chikalata cha khoti. Akutinso khoti lili ndi mphamvu zounikanso ngongole yomwe chiwongoladzanja chake chapyola muyeso. Amayiwo akamva zimenezi amangoseka. Ati kukhoti nkhani imagona, pomwe ndalama sidikira munthu, ndipo amakumbutsa za Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Mbali zonse zili ndi mfundo, koma ukamvetsera bwino, chomwe chimawawa gulu si kuchedwa kwa ndalama ayi. Ndi kubisala. Amene amafika kumsonkhano ndi kangachepe m'manja, n'kupempha kuti chiwongoladzanja chiime ndipo zotsalazo azipereka pang'onopang'ono, kawirikawiri amamveredwa, makamaka akalemberana pamaso pa amfumu kapena mboni. Manyazi ake ndi a tsiku limodzi. Ena pothawa manyaziwo amathamangira kwa akatapila, komwe chiwongoladzanja chimafika 50 ngakhale 100 peresenti pamwezi, ndipo wapantchito amasiyako khadi la ku banki ngati chikole. Kumeneko kulibe wofunsa kuti ana aphikira pati.

Magulu ena akuti akamatsegula mabuku mu Januwale, mayi aliyense wokongola azibwera ndi mwamuna wake kudzasainira. Amayi ambiri akukana. Ati bambo akangodziwa tsiku lotenga ndalama, theka lake limathera kumowa mpamba usanafike n'kumsika komwe.