Momwe nkhondo ya kutali imafikira ogulitsa maluwa pa Kasungu

Pa Kasungu sipadamvekepo kulira kwa mizinga ya nkhondo ya ku Ukraine, komatu munthu amene ali ndi kashopu kogulitsa maluwa pabomapo akuidziwa nkhondoyi kudzera m'thumba.

Dziko la Russia lidathira nkhondo dziko la Ukraine pa 24 February 2022, kutatsala masabata awiri kuti lifike tsiku la amayi la pa 8 March, pomwe maluwa amayenda malonda kwambiri m'maiko awiriwa. Ndege zidaleka kuuluka ku Ukraine, ndipo maluwa ochokera ku Netherlands ankalowa pamalole kudzera ku Poland. Mizinga itayamba kuphwanya malo opangira magetsi mu October chaka chomwecho, eni mashopu mumzinda wa Kyiv adadalira majenereta kuti katundu wawo asafote. Ambiri sadatseke, poti anthu ankafunabe maluwa pamaliro a asilikali ndi pamaukwati.

Kuno kwathu nkhondoyi idalowera khomo la feteleza ndi mafuta. Russia ndi limodzi mwa maiko amene amagulitsa feteleza wambiri kunja, choncho mtengo wake udakwera padziko lonse. Ndalama zakunja zidasowa, ndipo kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023.

Wogulitsa maluwa zimenezi zimamupweteka pawiri. Mbali yoyamba ndi ya katundu. Maliboni, mapepala okulungira ndi maluwa apulasitiki amachokera kunja, pomwe maluwa enieni ogulidwa ku Lilongwe amayenera kuyenda pamsewu wa M1 tsiku lomwelo. Duwa lodula silidikira. Galimoto ikagona pamzere wa mafuta, mpamba wonse umafota nalo.

Mbali yachiwiri ndi ya ogula. Chuma cha Kasungu chimatsamira pa fodya. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, alimi n'kugulitsa mabelo awo, m'pamene zinkhoswe, maukwati ndi miyambo yovundukula ziliza zimachuluka. Koma mlimi akaona kuti ndalama za fodya zithera ku feteleza wa chaka chamawa, chimene amayamba kuchotsa pandandanda wa ukwati ndi zokongoletsa.

Chimene chimagwira bizinesi yotere m'nyengo yovuta ndi nkhata za pamaliro. Ukwati ungathe kuimitsidwa, koma maliro sapangana tsiku, ndipo abale, anzake a kuntchito ndi amayi a kumpingo amafuna kuika nkhata pamtumbira ngakhale zinthu zithine bwanji.

Njira ina ndi kudzilimira maluwa kudimba kapena kuseri kwa nyumba, pothira manyowa a Mbeya, omwe amapangidwa posakaniza ndowe, phulusa, gaga ndi feteleza pang'ono. Kubwereketsa maluwa apulasitiki pazochitika, m'malo mowagulitsa, kumathandizanso kuti katundu yemweyo abweretse ndalama kangapo.

Aka sikoyamba nkhondo ya eni ake kusautsa amalonda m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique idadula njanji zopita ku Beira ndi Nacala, ndipo katundu ankazungulira kutali pamtengo wokwera kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992.

Phunziro la nthawi imeneyo likadalipo: wamalonda amene katundu wake amamera pafupi ndi pakhomo ndiye amatsala ndi chogulitsa njira zakunja zikatsekeka.