Chimfine cha Mliri ndi Malo Athu a Ntchito

Pamene chimfine chachikulu cha 1918 chinasesa dziko lapansi ndi kupha anthu mamiliyoni makumimakumi, ena mwa malo amene anaona tsoka loposa ku South Africa anali makomboni a migodi ya ku Kimberley, kumene amuna ankagona mothithikana ndi kupumirana mpweya usiku wonse. Ndatchula zimenezi chifukwa kachilombo ka nthendayi kamayenda m'timalovu ta munthu wotsokomola, woyetsemula kapena wolankhula, ndipo mwini nthenda angathe kupatsira anzake tsiku lathunthu iye asanamve kanthu m'thupi.

Chotero ndinena kwa inu eni ntchito ndi akapitawo, kuti wantchito amene wayamba kutentha thupi mumlole akapume kwawo popanda kumdula malipiro. Pakuti mukamdula, umphawi udzamkokera kuntchito ali chitsokomolere, ndipo paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mazenera atsegulidwe, sopo ndi madzi zisasowe pakhomo, zigwiriro za zitseko zipukutidwe, ndipo misonkhano yodzaza chipinda iyambe yaima. Katemera akafika, apatseni anthu anu nthawi yokabayitsa, ndipo muwachenjeze asadalire maantibayotiki, popeza mankhwala amenewo sapha kachilombo ka chimfine.