Thupi Limadya Ngakhale Mwini Wake Ali Chigonere

M'midzi ya kwa Mfumu Nsamala, m'boma la Balaka, wogawa nsima ndi mayi. Ikafika miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, kagawidwe kake nkodziwika: mitanda ikuluikulu ipita kwa ochokera kumunda wa chimanga kapena wa thonje, yotsala kwa agogo, kwa wodwala ndi kwa woyamwitsa amene watandala pakhomo. Akuti amenewa angokhala.

Komatu, amayi anzanga, thupi silikhala chabe. Lili ngati chikuni chogona ndi moto m'phulusa: malawi saoneka, koma m'mawa muchipeza chitafupika. Munthu ali m'tulo, mapapo amakokabe mpweya, impso zimasefa magazi, chiwindi chimakonza zimene wadya, ndipo thupi limadzifunditsa pa madigiri 37. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Ubongo wokha, wosakwana makilogalamu 2, umatenga gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zimenezi.

Akatswiri a zakudya amayeza mphamvuzi ndi makalori. Mayi wa thupi lapakatikati amatha makalori pafupifupi 1,300 pa tsiku atangogona pamphasa, osanyamula ngakhale chipande. Imeneyi ndi mphamvu ya mu ufa wa mgaiwa wokwana magalamu pafupifupi 350. Kwa anthu ambiri ntchito yobisikayi imadya koposa theka la mphamvu za tsikulo. Khasu, musi ndi mtsuko zimagawana zotsala.

Wodwala ndiye amene timamulakwira kwambiri. Malungo akamugwira, digiri iliyonse yowonjezera kutentha imakweza njala ya thupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10, pamene mwini wake kudya sakufuna. Posowa chakudya, thupi limayamba kudya mafuta ndi minofu yake yomwe. Nchifukwa chake mwana wonenepa bwino amatuluka nthiti m'sabata imodzi. Pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala, m'patseni phala lothira nsinjiro, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, osadikira kuti apemphe.

Woyamwitsa amafuna makalori ena pafupifupi 500 pa tsiku kuti apange mkaka, ngakhale atakhala pansi pa mtengo wa mango. Za agogo nzoona kuti moto wawo umachepa pamene minofu ikutha ndi ukalamba, koma umachepa pang'ono chabe. Theka la mtanda silingawafikitse madzulo.