Mkonono Si Chizindikiro cha Tulo Tabwino

Anthu ena amavutika kupeza tulo. Ena akagona, kukhosi kumatsekeka ndipo mpweya umaima masekondi 10 kapena kuposerapo, kambirimbiri usiku umodzi. Amaliza mkonono, kenaka nkudzidzimuka akubanika. Mavuto awiriwa akakumana mwa munthu mmodzi, amadzuka ali wotopa, amaiwalaiwala, ndipo ntchito imalowa pansi.

Taganizirani dalaivala wa lole akusinza pa msewu wa M1 pakati pa Songwe ndi Chilumba, kapena mlimi wa mpunga ku Hara akulephera kumaliza ndime. Tisafulumire kumunena ulesi.

Munthu wotere achepetse mowa, asiye fodya, azigona chammbali. Inu apabanja ndinu mumamva kubanikako. Mperekezeni ku chipatala cha Karonga, akamuyezenso kuthamanga kwa magazi.