Za Anthu Osonkhanitsa Mabuku a Phantom

Pa dziko lino anthu amakonda zinthu zamitundumitundu. Ena amasunga masitampa a pa makalata, ena ndalama zakale monga makobiri obooka pakati aja a nthawi ya Chitaganya, ena zigoba za nkhono. Koma alipo enanso amene amafunafuna nthano imodzi yomweyo m'zinenero zambiri, ngakhale zinenero zimene iwo samvako ndi liwu limodzi lomwe. Ine ndine mmodzi wa iwo, ngakhale ndangoyamba kumene. Tsono popeza anzanga ambiri akhala akundifunsa kuti, "Kodi iwe, buku la Chipwitikizi lija ulitani, pamene Chipwitikizicho suchidziwa?" ndaganiza zowayankha onse pamodzi m'magazini athu ano.

Mabuku amene ndikunenawa ndi aja a nthano za m'zithunzi, amene ambiri timangoti makatuni, ndipo ngwazi yake ndi Phantom. Iyeyu adayamba kuoneka m'nyuzipepala za ku America pa 17 Febuluwale 1936. Adamupeka ndi Lee Falk, ndipo amene ankamujambula m'zaka zoyambirira adali Ray Moore. Ndiye kuti ndi mkulu wake wa Superman, amene adadza mu 1938, ndi wa Batman, amene adadza mu 1939. Koma Phantom sauluka monga achitira Superman. Chipolopolo chimamulasa, amatopa, ndipo amafa monga munthu wina aliyense.

Nthanoyi imati m'chaka cha 1536 achifwamba a panyanja adathira nkhondo chombo china, napha onse amene adali m'menemo, kupatula mwana wa woyendetsa chombocho, amene mafunde adamulavulira kumtunda. Mnyamatayo adalumbira, atagwira chigaza cha munthu amene adapha atate wake, kuti iye ndi ana ake ndi zidzukulu zake adzalimbana ndi achifwamba ndi anthu ankhanza masiku awo onse. Chiyambire pamenepo, atate akafa mwana amavala chovala chomwecho, nabisa maso ake chimodzimodzi, nakhala m'phanga lomwelo looneka ngati chigaza. Anthu a m'dzikomo amayesa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo wosafa, ndipo amamutcha mzukwa woyenda. Amene timawerenga nkhani zake kawirikawiri ndi wa nambala 21, mwini kavalo woyera wotchedwa Hero ndi mmbulu wotchedwa Devil.

Zimenezi ife a kunyanja kuno sizitidabwitsa konse, pakuti tidziwa kuti dzina la ufumu silifa. Lamulo lotseka chilumba cha Mbenji, loti kuyambira Disembala kufikira Epulo munthu asaponyeko khoka, lidayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo tonse timangoti ndi lamulo la a Makanjira, osafunsa kuti a Makanjira ake ati. Munthu amapita, wina nalowa dzina, ntchito nipitirira. Phantom adamangidwa pa nzeru yomweyi.

Tsono ndifike pa funso la anzanga lija. Chifukwa chachikulu chosonkhanitsira mabuku a m'maiko osiyanasiyana ndi ichi: Phantom sadafike ku dziko lililonse monga adachokera kwawo. Mtundu uliwonse wa anthu umene udamulandira udamuveka malaya ake, numutcha dzina lake, ndipo mwina udamusinthira ngakhale mudzi ndi adani.

Za malayazo zidachitika motere. Poyamba nthanoyi inkatuluka m'zithunzi zakuda ndi zoyera basi, ndipo Falk mwini wake ankaganiza kuti chovalacho ndi chotuwa ngati phulusa. Osindikiza a m'maiko ena atafuna kupaka utoto pa zikuto za mabuku awo adalibe wowauza, kotero aliyense adasankha umene udamukomera. Ku Italy, ku Brazil ndi ku Turkey adamuveka zofiira. Ku Sweden ndi maiko oyandikana nawo adamuveka zabuluu. Ku New Zealand zabulauni. Ku America komweko, pamene masamba a utoto a pa Sabata adayamba mu 1939, adamuveka zapepo, ndipo ndi m'mene ambiri amamudziwira. Mukaika mabuku anayi pa tebulo limodzi mungathe kuyesa kuti ndi ana anayi a bele limodzi.

Maina nawo ndi ambiri. Ku Sweden ndi Fantomen, ndipo magazini ake adayamba mu 1950. Ku Norway ndi Fantomet, ku Finland Mustanaamio, ku Italy L'Uomo Mascherato, ku Turkey Kızılmaske, kutanthauza chophimba kumaso chofiira, ndipo kwa olankhula Chipwitikizi ndi Fantasma. Ku Australia dzina sadalisinthe, koma kumeneko ndiko adamukonda koposa kwawo kumene: kampani ya Frew idayamba kumusindikiza mu 1948, ndipo manambala a mabuku ake adapyola kale 1,500.

Nkhani ya ku India ndiyo imandisangalatsa kwambiri. Kumeneko mabuku otchedwa Indrajal Comics adatuluka kuyambira 1964 kufikira 1990, onse pamodzi 803, m'Chingerezi, m'Chihindi ndi m'zinenero zina za kumeneko. Koma padali vuto. Dziko lopeka limene Phantom ankakhala linkatchedwa Bengali, pamene ku India kuli dera lenileni la Bengal ndi anthu ake enieni. Ndiponso gulu la achifwamba lija linkatchedwa Singh, limene ndi dzina la mabanja ambirimbiri olemekezeka a kumeneko. Kodi mukadakhala inu, mukadagula buku lotcha mfunda wanu kuti ndi wa mbava? Chifukwa chake osindikiza adasintha dzikolo kukhala Denkali, ndi achifwambawo kukhala Singa. Munthu amene ali ndi buku la ku Australia ndi la ku India a nkhani imodzi angathe kuloza ndi chala pamene mawu adafufutidwa ndi kulembedwanso.

A ku Sweden adapitirira apo. Iwo sadakhutire ndi kumasulira chabe, koma kuyambira 1963 adayamba kulemba nkhani zawozawo za Phantom. M'zaka za m'ma 1970 adamutuma kukalimbana ndi boma latsankho la dziko lopeka lotchedwa Rodia, kumene azungu ochepa ankapondereza anthu akuda. Ife amene dziko lathu lidamangidwa pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia kuyambira 1953 kufikira 1963 sitisowa wotiuza kumene dzinalo lidachokera. Ndipo ku Papua New Guinea, kumene nyuzipepala ya Wantok inkasindikiza nthanoyi m'chinenero cha Tok Pisin, ankhondo a kumapiri adafika pojambula nkhope ya Phantom pa zishango zawo zamatabwa. Zina mwa zishangozo zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.

Pano ndiyenera kunena chinthu china chosakoma, kuopa kuti aphunzitsi athu a mbiri yakale angandiyese wogona. Phantom ndi mzungu wokhala m'nkhalango pakati pa anthu akuda amene amamuopa ndi kumumvera, ndipo zithunzi zakale zambiri zimaonetsa anthuwo monyoza, ngati ana osatha kudziweruza okha. Ine sindikondwera nazo zimenezo. Komabe ndiona kuti ndi chifukwa chinanso chosungira mabuku a zaka zosiyanasiyana, pakuti mukawandandalika mumaona maganizo a olemba alikusintha pamaso panu. Poyamba dziko la Phantom linkaoneka ngati la ku Asia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene maiko a mu Africa ankalandira ufulu, Falk adalikhazika mu Africa, ndipo pambuyo pake lidatchedwa Bangalla. Adalipatsanso mtsogoleri wakuda wosankhidwa ndi anthu, dokotala wotchedwa Lamanda Luaga. Zoti dokotala akhale mtsogoleri woyamba wa dziko, Amalawife si zachilendo kwa ife.

Kodi wosonkhanitsa amayang'ana chiyani akapeza buku? Choyamba amatsegula chikuto ndi kuwerenga timalemba ting'onoting'ono tija ta m'munsi, timene timanena wosindikiza, mzinda ndi chaka. Ngati tsambalo lidathothoka, mtengo wolembedwa pa chikuto umathandiza, pakuti ndalama ya dziko imaulula kwawo kwa buku: rupee ndi India, lira ndi Italy kapena Turkey. Amayang'ananso nambala, chifukwa nambala zoyambirira ndizo zimasowa, ndipo ayenera kuchenjera popeza a Frew adasindikizanso mabuku awo ena oyamba mofanana ndi akale aja. Kenaka amaona ngati masamba ali onse, ndiponso ngati wina sadalembemo dzina la bwenzi lake ndi bolopeni. Pambali pa mabuku pali zinthu zina zokumbukira nazo ngwaziyi: zidole, mabaji, malaya, ndi mapepala olengezera kanema wa 1996 m'mene Billy Zane adasewera ngati Phantom. Koma chimene onse amachilakalaka ndi mphete. Phantom ali nazo ziwiri: ya chigaza ku dzanja lamanja, imene imasiya chipsera chosafufutika pa chibwano cha woipa, ndi ina ku dzanja lamanzere, imene chizindikiro chake chimanena kuti munthu uyu kapena mudzi uwu uli m'manja mwa Phantom.

Wina amva zimenezi nayamba kuwerengera chuma. Zoonadi, mu 2024 buku loyamba la Superman la 1938, limene lidagulitsidwa masenti 10 likali latsopano, lidagulidwa pa mtengo wa madola 6 miliyoni. Koma buku lotere silipezeka pa msika wa Kamuzu Road, ndipo mabuku ambiri akale mtengo wake sufika ngakhale pa ndowa imodzi ya utaka. Ine ndili nawo atatu okha a Phantom: la ku Australia limene ndidagula kwa ogulitsa mabuku akale ku Lilongwe, la Indrajal la m'Chingerezi lopanda tsamba lomaliza, ndi la Chipwitikizi lija, la malaya ofiira, limene amalume adanditengera ku Mozambique. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma m'bokosi langa muli chinthu chachinayi chimene ndimachisamala koposa atatuwo, ndipo si cha Phantom ai. Ndi magazini ong'ambika amene agogo adabwera nawo kuchokera ku Joni m'masiku a Wenela, a ngwazi yakuda yotchedwa Lance Spearman, imene anyamata ankangoti Spear. Awa sadali ojambula pamanja, koma zithunzi zenizeni za anthu ochita sewero, mawu awo ataikidwa pamwamba. Adawatulutsa ndi a kampani ya magazini a Drum kuyambira 1968 kufikira 1972. Nayenso Spear adali ndi maina awiri a magazini ake: ku South Africa ankatchedwa Spear, pamene ku Kenya, ku Nigeria ndi maiko ena ankatchedwa African Film. Adali kazitape wovala suti, chipewa ndi tayi wa gulugufe, womenya nkhonya koopsa, ndipo mdani wake wamkulu adali Rabon Zollo. Kudalinso Mighty Man, amene adatuluka ku South Africa mu 1975, wolimbana ndi tsotsi za m'malokeshoni koma wosanena kanthu za apolisi ndi mapasi. Pambuyo pake zidaululika kuti boma latsankho ndilo linkapereka ndalama zake mobisa, ndipo sadakhalitse chipolowe cha ku Soweto cha 1976 chitachitika.

Chondidetsa nkhawa ndi ichi. Mabuku a Fantomen a ku Sweden ali ndi owasunga ambirimbiri, ndipo nambala iliyonse idalembedwa m'kaundula. Koma a Spear, amene adawerengedwa ndi makolo a mu Africa muno mpaka kuthetheka, ndi osowa kwambiri, pakuti buku limodzi linkayenda m'manja makumimakumi, ndipo potsiriza linkakulunga zitumbuwa kapena kupichirira fodya. Ndi angati mwa ife amene adasungako tsamba limodzi la Pewani, katuni ya Brian Hara imene makolo athu ankaseka nayo mu Malawi News? Za kwa eni zidzapezeka nthawi zonse kwa amene ali ndi ndalama, koma za kuno zikatha zatha.

Ndipo kunyanja kuno pepala lili ndi adani ambiri kuposa Phantom mwini. Chinyezi cha dzinja chimamata masamba ndi kuchititsa dzimbiri timawaya tomangira buku, dzimbirilo nkumadya pepala pakati. Dzuwa limafufuta utoto. Chiswe, mphemvu ndi makoswe sindinena. Ine ndimaika buku lililonse m'jumbo yakeyake youma, osaimanga kolimba, ndi kuwagoneka chogona m'bokosi lachitsulo limene ndidalikweza pa njerwa, kutali ndi khoma ndiponso kutali ndi pamene amayi amasungira nsomba zouma. Mwezi uliwonse ndimawatulutsa kuti apitidwe mphepo pamthunzi. Tsamba likang'ambika musalimate ndi selotepi, chifukwa pakapita zaka amasanduka wachikasu nasiya banga losachoka. Ndi bwino kulisiya chomwecho. Ndipo musawerenge muli kudya usipa wokazinga.

Tchuthi chikudzachi chigwa pa nthawi imene Mbenji adzakhala wotseka, ndipo akuluakulu adzakhala pakhomo, kusoka makoka ndi kumata mabwato. Ndikupemphani anzanga kuti mukawafunse mwaulemu ngati m'masutikesi awo akale, pansi pa ziphaso ndi makalata, mulibe magazini a mtundu umenewu. Amene apeze asachotsemo kanthu popanda chilolezo cha mwini wake, koma alembe dzina la bukulo, nambala, chaka ndi mtengo wa pa chikuto, adzandipatse sukulu ikatsegulidwa, kuti tiyambe kaundula wathu. Wofuna kuona anayi angawa andipeze ku laibulale Lachisanu tikaweruka, atasamba m'manja.

Wophunzira wa Fomu 3