Alendo a Loweruka ndi mkangano wa patsinde pa phiri ku Ntcheu

Mvula ikangosiya ndipo udzu wayamba kufiira, Loweruka m'mamawa pamsewu wa M1 pamaoneka maminibasi amtundu wina. Alibe kondakitala wolendewera pakhomo, saima pa siteji, ndipo okweramo avala nsapato zothamangira, zipewa ndi tizikwama takumsana. Awa ndi achinyamata ogwira ntchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ochokera ku Zomba, omwe amasonkherana ndalama, kuchita hayala galimoto ndi kupita kukakwera phiri tsiku limodzi. Kale maulendo otere ankathera ku Mulanje, pa phiri la Zomba kapena la Dedza. Masiku ano ena ayamba kukhotera ku Ntcheu, boma lomwe ambiri amangolidziwa ngati poimira basi kuti munthu agule kachewere ndi kabichi.

Ntcheu ili pafupifupi pakati pa mizinda iwiri ikuluikuluyi, choncho wonyamuka kusanache amafika dzuwa lisanatenthe, usiku n'kukagona kwawo. Zoona nazo zilipo zambiri. Kuchokera cha ku Dedza kutsika mpaka kufupi ndi Biriwiri, msewu womwewo ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique, moti pa Lizulu mayi wogulitsa tomato amawolokera dziko lina pongofuna chenje. Kuli phiri la Chirobwe lopitirira mamita 2,000, msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, nkhalango ya Mvai, ndi Tsangano kozizira komwe amalima tirigu. Okonda mbiri amapita ku Nzama, komwe ansembe achizungu anamanga mishoni mu 1901, kapena ku Nkolimbo, pa manda a mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko yomwe asilikali a atsamunda anaipha mu Okutobala 1896. Kumeneko n'komwe mwambo wa Angoni wa Umhlangano umasonkhanitsa khamu chaka ndi chaka.

Pamudzi wina wa kum'mawa kwa Lizulu, patsinde pa limodzi mwa mapiriwa, pali mkulu wina amene alendo amangowatcha kuti agogo. Ndi aafupi, a imvi mutu wonse, ndipo m'mawa wa Julaye womwe gulu lina la ku Lilongwe linafika anali atavala jekete lakuda lothothoka m'zigongono, majombo ndi chipewa cha ubweya. Kudzanja lamanja ananyamula chibonga, kumbuyo kwawo kukubwera galu woonda wodziwa njira kuposa aliyense pagululo. Madzi sanatenge. Ana a m'tauni ali kalikiliki kumanga zingwe za nsapato ndi kudzola mafuta oteteza dzuwa, iwo anangoima chete akutsamira chibonga chawo, kenaka anati tiyeni ana anga, mphepo isanadzuke.

Mayendedwe awo ndi apang'onopang'ono, koma saima chifukwa cha kutopa. Akaima ndiye kuti pali choti aonetse. Anaima pa kasupe wotuluka pansi pa mwala, nakankha masamba ndi dzanja kuti alendo amwe, n'kunena kuti madziwa saphwa ngakhale mu Okutobala chifukwa mitengo ya pamwamba pake amfumu analetsa kudula. Anaima pa mombo, pa muwanga, pa msuku, akutchula uliwonse dzina ndi ntchito yake: uwu luzi, uwu mpini wa khasu, uwu mankhwala a m'mimba. Mtsikana wina atayamba kupuma mobanika, anamulanda chikwama popanda kufunsa, n'kuchikoleka pa chibonga chija paphewa.

Njira itayandikira kankhalango kowirira ka mitengo italiitali, agogowo anavula chipewa, natembenukira mnyamata yemwe ananyamula sipika yoimba nyimbo. Sanakalipe. Anangoti achimwene, apa pagona makolo athu, tazimitsani kaye. Gulu lonse linadutsa pamandapo mwakachetechete, ndipo amene anali atatulutsa kale foni kuti ajambule anaibweza m'thumba.

Pamwamba pang'ono pali malo otseguka odzaza zitsa zakale. Apa ndi pomwe anakhalitsa. Anafotokoza za zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa, pamene anthu ankawoloka msewu usiku ndi ana kumsana, mbuzi ndi miphika. Ambiri anali abale enieni, Angoni a ku Angonia olankhula chinenero chomwechi, a mifunda yomweyi. Anapatsidwa malo, anamanga zisakasa, ndipo aliyense, mwinimudzi ndi wothawa nkhondo yemwe, ankafuna nkhuni ndi milimo. Nkhondo inatha mu 1992, alendowo anabwerera, koma mitengo ya pamalopo sinabwerere. Ankanena izi mopanda kuloza munthu chala. Anangoonetsa timitengo tophukira pa zitsa, tomwe anati mudzi wakhala ukutiteteza ku moto, n'kupempha kuti pasapezeke wothyola nthambi yoti ayendere.

Pansonga kunali mphepo yoluma makutu. Kum'mawa dziko limagwa mwadzidzidzi kutsikira ku chigwa cha Bwanje, ndipo kutali kunkaoneka mzere wobiriwira wa nyanja. Kumadzulo minda ya kachewere ya ku Mozambique inali yandandanda mpaka kosaoneka. Alendo anatulutsa zakudya zomwe anagula m'masitolo a ku Lilongwe. Anagawirako agogo buledi ndi soseji, iwo anadya pang'ono, zotsalazo n'kukulunga m'pepala kuti akapatse zidzukulu.

Potsika, pabwalo pomwe anasiya minibasi, anapeza nduna ya amfumu itakhala pa mpando ndi kope m'manja. Inawalonjera mwaulemu, kenaka inati mudzi unagwirizana kuti aliyense wokwera phiri azisiya kangachepe. Mtsogoleri wa gululo, mnyamata wodekha ndithu, anakana. Anati galimoto alipira, pa chipata cholipiritsa magalimoto cha Kalinyeke alipira, agogo awapatsa kale zawo, ndipo phiri analenga ndi Mulungu. Anafunsa ngati pali lisiti. Lisiti panalibe. Anafunsa kuti mtengo wake ndi wotani, ndipo nduna inayankha kuti zili kwa inu mabwana. Yankho limeneli ndi lomwe linawakwiyitsa kwambiri, chifukwa kwa munthu wa m'tauni mtengo wosatchulidwa umamveka ngati msampha.

Anthu a pamudzipo anayamba kusonkhana, ndipo amene analankhula momveka anali mayi wina wa mtolo wa nkhuni pamutu. Anafunsa kuti njira yomwe ayendamo analambula ndani. Moto wolusa ukabuka mu Seputembala, amene amadzuka usiku ndi nthambi kukauzima ndani. Galimoto yakhala pabwalo tsiku lonse osasowa kanthu, ankaiyang'anira ndani. Anawonjezera kuti mabotolo apulasitiki otayidwa m'njira amatola ndi ana a sukulu, ndipo tsiku lomwe mlendo adzathyoke mwendo pamwambapo, odzamunyamula pa machira ndi anyamata a m'mudzi momwemo. Agogo aja sanalowerere. Anakhala pa mwala poteropo akukanda galu wawo m'khosi. Pamapeto alendo anasonkha ndalama, nduna inalemba m'kope, koma mbali zonse ziwiri zinasiyana nkhope zili gwa.

Nkhani imeneyi ikukambidwa m'malo ambiri m'bomali, ndipo yagawa anthu mosayembekezereka. Otsutsa kulipiritsa si a m'tauni okha. Akuluakulu ena a ku Ntcheu komweko amati n'zochititsa manyazi: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo Mngoni weniweni sagulitsa njira. Amaopa kuti mudzi uliwonse ukayamba kutchinga njira ndi kope, ana adzasiya sukulu n'kumathamangira magalimoto, ndipo alendo omwe angoyamba kumene kubwera adzabwerera ku Dedza ndi ku Zomba. Amafunsanso funso lomwe aliyense amalidziwa: ndalama ya m'kopemo imathera kuti? Ngati ithera m'thumba la munthu mmodzi, mayi wozima moto uja sapindula kanthu.

Ovomereza amayankha kuti mwambiwo unanenedwa za mlendo wofika pakhomo, wolonjeredwa, wodya nsima ndi kusiya nkhani. Mlendo wa Loweruka safika pakhomo. Chakudya wabwera nacho, madzi wabwera nawo, mafuta a galimoto wathira kwawo, ndipo sagona m'nyumba ya alendo iliyonse ya pa boma. Ndalama ya ulendo wonse imatsala mumzinda, kupatula yogulira ndiwo zamasamba pobwerera. Zithunzi zimapita pa intaneti kukaitana gulu lina, nthawi zina muli nkhope za ana omwe makolo awo sanafunsidwe.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti mapiri a ku Ntcheu sali pansi pa mwini mmodzi. Ena ali m'nkhalango zotetezedwa ndi boma, monga Mvai ndi Dzonzi. Ena ali pa malo a mafumu, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 limalola mudzi kupatula nkhalango yakeyake, kusankha komiti yoiyang'anira ndi kuika malamulo ake. Mlendo wotsika m'minibasi sadziwa kuti waponda pati. Nawo mudzi kawirikawiri sudziwa kuti lamulo limaupatsa mphamvu zotani, choncho umapempha mwamanyazi chinthu chomwe ukanachitchula poyera.

Mkangano wotere si wa kuno kokha. Ku Mexico kuli mzinda wa m'mapiri wotchedwa San Cristóbal de las Casas, womwe atsamunda a ku Spain anaukhazikitsa mu 1528. Alendo amagona mumzindawo, m'mawa n'kupita kukaona midzi ya eni nthaka a mtundu wa Tzotzil, madzulo n'kubwerera. Pamudzi wa San Juan Chamula, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10, eni ake anaika okha malamulo: wolowa m'tchalitchi chawo amagula tikiti, ndipo kujambula m'katimo n'koletsedwa kotheratu. Alendo sanasiye kupitako. Amadziwiratu asananyamuke kuti akalipira chiyani ndipo sakachita chiyani.

Kwa ine, mayi wa nkhuni uja ananena zoona, ndipo mnyamata wofunsa lisiti nayenso sanalakwe. Mudzi womwe ukusunga mitengo pa phiri ukugwira ntchito yothandiza anthu ambiri kuposa okwera phiriwo. A ku Ntcheu ndi ku Balaka sanaiwale chaka cha 2018, pomwe damu la Mpira linaphwa n'kusiya mipopi youma m'midzi yambirimbiri, mitengo ya m'nkhalango yozungulira damulo itatha. Aliyense woyenda pamsewu kuchokera pa boma kutsikira ku Chingeni amaona matumba a makala ali ndondondo. Mnyamata wa m'mudzi amadziwa bwino kuti mtengo wogwetsa umabweretsa ndalama lero lomwe. Ngati woima subweretsa kanthu, ngakhale tsiku lomwe anthu abwera kuchokera ku Lilongwe kudzaujambula, tidzamuuza chiyani kuti ausiye? Chofunika n'chakuti ndalamayo ikhale yodziwika: mtengo ulembedwe pa chikwangwani polowera m'mudzi, lisiti liperekedwe, komiti iziwerenga zomwe zalowa pamaso pa anthu onse pabwalo, ndipo woperekeza alendo ngati agogo aja azikhala ndi malipiro ake okhazikika osadikira chifundo. Otsogolera magulu nawo angathe kuimbira amfumu foni masiku angapo asanafike.

Pobwerera gulu lija linaima pa Lizulu, poti Loweruka ndi tsiku la msika. Apa panalibe wokangana za lisiti. Ananenerera mitengo mosangalala, amayi ogulitsa akuwaitana kuti bwanawe, asisi, bwerani kuno ndikuikirani basera, ndipo minibasi inanyamuka itadzaza kachewere, anyezi, kaloti ndi nsawawa mpaka m'mipata ya mipando. Ogulitsawo amati magulu otere amachuluka nyengo yozizira, n'kuyamba kuchepa dzuwa likakula, mvula ikagwa n'kusiyiratu chifukwa njira za m'phiri zimaterera. Nthawi imeneyo ndi yomwe m'mbali mwa msewu mumadzaza mapichesi, masuku ndi bowa, ndipo ogula ake amakhala a m'mabasi a Lilongwe ndi Blantyre, ogulira pawindo injini ikulira.