Amisiri a Mabatire pa Chimbiya

Wodutsa pa Chimbiya, pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, amaona milu ya kachewere, kabichi ndi tomato. Akapatukira kuseri kwa mashopu apeza anthu ena amene malonda awo ndi moto wa m'batire.

Oyamba ndi otchajitsa mafoni. Pathebulo pawo pali mawaya opiringizana ngati mizu, ndipo foni iliyonse amaimata kapepala ka nambala kuti mwini wake asatenge ya wina. Achiwiri ndi oika masola, okwera pamalata kukalozetsa galasi kudzuwa, n'kutsitsa waya mpaka pa batire lomwe lili pangodya ya chipinda. Achitatu, amene ntchito yawo ndi yoopsa kuposa onse, ndi odzutsa mabatire akufa. Ometa tsitsi, oonetsa mpira ndi a minibasi onse amadalira anthu amenewa.

Mmisiri wa mabatire mumamudziwa ndi buluku lake, lobooka timabowo pomwe padadonthera asidi. Amatsegula zivindikiro, kusuzumira madzi, kupala zoyera zomwe zaundana pamitu ya batire, kenako n'kulumikiza makina otchajira. Madzi a pachitsime sathira, chifukwa amadziwa kuti mchere wake umapha batire. Luso limeneli ambiri adaliphunzira poyang'ana manja a mnzawo.

Batire lomwe amagwirali ndi la mtovu ndi asidi, lomwe Gaston Planté wa ku France adatulukira mu 1859. Asidiyo ndiye njira yodutsa mphamvu pakati pa mbale za mtovu, komanso ndiye amawotcha khungu ndi kuchititsa khungu akagwera m'maso. Mtovu nawo umalowa m'magazi mwakachetechete, n'kuwononga ubongo wa ana. Bungwe la WHO limati ngakhale mtovu wochepa bwanji ndi woipa m'thupi. Wosungunula mtovu pambaula, ana akusewera pafupi, akudyetsa banja lake poizoni osadziwa.

Kunja, akatswiri akufunafuna batire lopanda madzi otayika. Ena aika mtima pa magnesium, chitsulo chopezeka chambiri kuposa lithium, chomwenso kanthu kake kamodzi kamanyamula mphamvu ziwiri pomwe ka lithium kamanyamula imodzi. Mu 2000, gulu la Doron Aurbach ku Israel lidaonetsa batire la magnesium lotheka kutchajanso. Ofufuza tsopano akufuna kuti m'malo mwa madzi mukhale chinthu cholimba, koma magnesium amayenda movutika m'zinthu zotere, ngati ngolo m'matope a dzinja. N'chifukwa chake batire limeneli silidafike pamsika.

Komabe zatsopano zili kale m'boma lino la Dedza. Ku Golomoti, kumunsi kwa mapiri a Dedza, malo opanga magetsi a dzuwa a mamegawati 20 adayamba ntchito mu 2022, ndipo amasunga mphamvu m'mabatire akuluakulu a lithium.

Mabatire adzasintha, koma adzafunabe munthu wowadziwa. Mmisiri wa pa Chimbiya akufunika magulovu, magalasi oteteza maso, maphunziro a TEVETA, ndi malo odziwika operekako mabatire otha ntchito kuti asatayidwe m'dimba momwe mumatuluka kabichi uja. Ife amene timawerenga usiku ndi nyali ya batire lake tisadikire kuti manja akewo atheretu ndi asidi.